ULENDO WA KU CHILANGA: MADZI OTULUKA M'MWALA WA LAIMU

Anthu ambiri a m'cigawo ca kum'mawa ali ndi abale ao ku Lusaka. Caka ndi caka amakwera basi ku Lundazi, ku Chipata, ku Katete, ku Petauke ndi ku Nyimba kupita kukaona ana ndi adzukulu, kukalandira mankhwala ku cipatala cacikulu, kapena kukafuna nchito. Pobwerako amasimba za nyumba zosanja ndi kuculuka kwa magalimoto, koma pali nkhani imodzi imene amai athu saiwala kuchula, ndiyo ya madzi a kumeneko. Amati sopo sacita thovu, nyemba zimatha makala pa mbaula zisanapse, ndipo ketulo yatsopano sikhalitsa isanayere mbuu m'kati mwake.

Ena amabwerera kumudzi ndi nkhawa, poganiza kuti zoyerazo zikuunjikananso m'mimba mwa ana ao. Ena amati madzi alionse a m'tauni ndi abwino kuposa a kumudzi, malinga ngati aoneka oyera m'maso. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika, ndipo aciwiriwo aphetsa anthu ambiri. Kuti timvetse bwino nkhaniyi tiyeni, awerengi, tipite ku Chilanga, tauni yaing'ono ya kumwera kwa Lusaka, kumene mwala wocititsa zonsezi umaonekera poyera.

NJIRA YA KU CHILANGA

Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Munthu woyang'ana pa zenera la basi amaona dziko likusintha pang'onopang'ono. Mapiri ambiri a kwathu kum'mawa ndi a mwala wouma kwambiri, umene mvula imaukokolola zaka ndi zaka osausungunula. Basi ikaoloka mlatho wa Luangwa imakwera zitunda zokhotakhota, nipitirira Rufunsa ndi Chongwe, kufikira itatulukira pa dziko lathyathyathya la Asoli ndi Alenje, pamene pamangidwa mzinda wa Lusaka.

Cinthu cimene mlendo wocenjera amazindikira msanga ndi cakuti mzinda waukulu cotere ulibe mtsinje waukulu. Livingstone ali ndi Zambezi, Kitwe ali ndi Kafue, koma Lusaka ali ndi timifuleni ndi ngalande cabe. Komabe mvula imagwa yokwanira, pafupifupi mamilimita 800 pa caka, kuyambira November kufikira March kapena April. Nanga madzi onsewo amapita kuti? Ambiri amalowa pansi. Mbali yaikulu ya mzindawu, makamaka kumwera ndi kumadzulo, yakhala pa thanthwe la laimu ndi mbale wake wochedwa dolomaiti, ndipo thanthwelo ndi lodzala ndi ming'alu ndi mapanga amene amameza mvula.

Pocoka pakati pa mzinda munthu amatsata mseu wa ku Kafue, napitirira Misisi ndi Chawama, mphambano ya ku Makeni ndi ya ku Lilayi. M'malo osamangidwa miyala yotuwa imaoneka itatuluka m'nthaka, yobookabooka monga mano owola. M'mbali mwa miseu ya m'makomboni amai ndi anyamata amakhala pansi ndi nyundo, kuswa miyala yomweyo ndi kuiunjika m'milu yogulitsa kwa omanga nyumba. Maenje akale amene anthu anakumbamo miyala, monga a ku Misisi, anadzala madzi ndipo sauma ngakhale m'cilimwe. Madziwo sabwera ndi mtsinje ai. Ndi madzi a pansi pa nthaka amene aonekera kunja cifukwa cakuti mwala wowaphimba unacotsedwa.

MWALA UMENE UNAMANGA KARIBA

Ulendo wocoka ku Lusaka kufika ku Chilanga sukwana makilomita 20. Dziko limayamba kucita zitunda, mitengo imaculuka, ndipo posacedwa nkhokwe zazitali za fakitale ya simenti zimatulukira, pamodzi ndi malole olemera amene amalowa ndi kutuluka usana ndi usiku. Kampani ya Chilanga Cement inakhazikitsidwa mu 1949, m'nthawi ya boma la atsamunda, ndipo inamangidwa pamalopa kaamba ka kuculuka kwa mwala wa laimu. Simenti ya kuno ndiyo inathandiza kumanga damu la Kariba, limene nchito yake inacitika pakati pa 1955 ndi 1959. Eni ake a kampaniyi asintha kangapo, koma mwala wake ndi womwewo.

Ngakhale fakitale isanabwere, anthu anali atadziwa kale phindu la mwalawu. Njanji itafika pa Lusaka mu 1905, imodzi mwa nchito zoyamba za pamalopo inali yootcha laimu m'ng'anjo. Mtaliyana wina dzina lake Marrapodi anachuka ndi nchito imeneyi, ndipo komboni ya Marapodi imasunga dzina lake kufikira lero. Pamene likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, mzinda unamangidwa pamwamba pa mwala womwewo, ndipo unayamba kumwa madzi a m'kati mwake.

Chilanga ili ndi zinthu zinanso zoti mlendo aone. Kuli munda wa Munda Wanga, umene Ralph Sander anayamba kubzala m'zaka za m'ma 1950, ndipo ana a sukulu amabwera kudzaonamo mitengo, maluwa ndi nyama. Kuli Mount Makulu, likulu la kafukufuku wa zaulimi m'dziko lino, kumene kwacokera mbeu zina za cimanga zimene alimi athu amabzala. Kulinso maofesi akuluakulu a nthambi za Boma zoyang'anira nsomba ndi nyama za m'chire. Kale Chilanga inali mbali ya boma la Kafue, koma mu 2012 inapatsidwa boma lakelake. Pa kalembera wa 2022 munapezeka anthu oposa 200,000 m'bomalo. Ambiri a iwo amagona ku Chilanga koma amagwira nchito ku Lusaka. Minda yakale yadulidwa mapuloti, ndipo kumene mapaipi a kampani ya madzi sanafike, mwini puloti aliyense amakumbitsa citsime cake ndi makina, naimika tanki pamwamba pa nsanja ya zitsulo. Matanki otere ali paliponse, monga nkhokwe m'mudzi wa anthu olima.

M'MENE MWALA UMALOWERA M'MADZI

Madzi a mvula akamagwa amakhala opanda laimu. Ndico cifukwa cake madzi otunga pa denga la malata amacita thovu lambiri ndi sopo wocepa. Koma podutsa mu mlengalenga ndi m'dothi amatengako mpweya uja umene anthu, nyama ndi mizu ya zomera zimatulutsa popuma. Mpweyawo umawapatsa kaukali pang'ono, kosamveka pa lilime, koma kokwanira kudya mwala wa laimu. Kwa zaka zikwizikwi madzi akhala akunyambita thanthwe la pansi pa Lusaka ndi Chilanga, kukulitsa ming'alu kufikira inasanduka ngalande ndi mapanga. Zimene asungunulazo amayenda nazo. Izi ndi zinthu ziwiri zochedwa kashiamu ndi maginiziyamu.

Madzi okhala ndi zinthu ziwirizi zambiri akatswiri amawacha madzi olimba. Anthu wamba amangoti madzi a laimu, ena amati madzi olemera. Poyesa, akatswiri amawerenga mamiligalamu a laimu opezeka m'lita imodzi ya madzi. Akacepera 60 madziwo ndi ofewa. Kuyambira 60 kufika 120 ndi apakati, kuyambira 120 kufika 180 ndi olimba, ndipo akapitirira 180 ndi olimba kwambiri. Madzi a m'zitsime zambiri zokumbidwa pa thanthwe la Lusaka ali m'gulu lomalizali. Bungwe la Zambia Bureau of Standards, loyang'anira miyeso ya zinthu m'dziko lino, limalola madzi akumwa kufika pa 500.

Kuti ziwerengerozi zimveke, tiyerekeze citsime ca madzi a mamiligalamu 300 pa lita. M'cigubu ca malita 20 muli magalamu 6 a mwala wosungunuka, ndiko kuti pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi. Ngati banja liwiritsa malita 5 tsiku lililonse, laimu wodutsa m'ketulo yao pa caka apitirira theka la kilo. Ngakhale theka lokha la ameneyu litatsalira, ketuloyo idzakhala itasenza kotala ya kilo ya mwala. Zimatero cifukwa moto umathamangitsa mpweya uja umene unasungunula mwala, ndipo mpweyawo ukacoka laimu amabwerera kukhala mwala, namamatira pa citsulo.

ZIMENE AMAI AMAONA M'NYUMBA

M'nyumba za ku Chilanga zizindikiro za madziwa zili paliponse. Pakamwa pa pompi pamacita nkhanambo zoyera. Matambula otsukidwa bwino akauma amakhala ndi madontho otuwa. Pamwamba pa tiyi wopanda mkaka pamayandama kakhungu kopyapyala. Amene ali ndi magetsi amadandaula kuti ketulo ndi tanki yotenthetsera madzi osamba zimafa msanga, pakuti mwala ukakuta citsulo cotenthetsera, citsuloco cimadya magetsi ambiri ndipo potsiriza cimapsa. Mapaipi amapanikizika m'kati caka ndi caka kufikira madzi ayamba kutuluka modontha. Alimi a ndiwo zamasamba othirira ndi timapaipi todontheza amavutika kutsegula timabowo totsekedwa ndi laimu.

Nkhani ya sopo ndiyo imapweteka kwambiri thumba. Sopo wamtanda akalowa m'madzi olimba amayamba wagwirana ndi kashiamu, nasanduka zinthu zotuwa zonga mafuta oundana, zimene zimamatira m'mbali mwa beseni ndi mu ulusi wa nsalu. Thovu limayamba pokhapokha laimu yense atagwidwa. Motero mai wa ku Chilanga amatha sopo wambiri kuposa mnzake wa kumudzi pocapa mulu wofanana wa zobvala, ndipo zobvala zoyera zimatuwa ndi kuuma gwa. Sopo waufa savutika kwambiri ndi laimu, cifukwa opanga amaikamo mankhwala omugwira. Khungu la anthu ena limauma ndi kuyabwa akasamba madziwa, ndipo tsitsi limalimba.

Za nyemba nazo ndi zoona. Kashiamu amalimbitsa khungu ndi mnofu wa nyemba, nandolo ndi nzama, kotero kuti zimacedwa kufewa. Mai wocokera ku Katete amene aona nyemba zake zikukana kupsa ku Lusaka asanene kuti wogulitsa anamunyenga ndi nyemba zakale. Mwina mlandu uli ndi madzi. Kuzibviika usiku wonse m'madzi amene anawiritsidwa kale ndi kuzizira kumathandiza, ndipo makala amapulumuka.

Mwala wa m'ketulo suvuta kucotsa. Thiranimo viniga kapena madzi a mandimu osakaniza ndi madzi, tenthetsani pang'ono, ndi kusiya kwa ola limodzi kapena usiku wonse. Mudzamva kuthetheka, ndipo nkhanambo zidzasweka zokha. Tsukani bwino musanaphikire. Musapale ndi mpeni, mungaboole ketulo.

KODI MADZI OTERE AMADWALITSA?

Funso limene makolo ambiri amafunsa ndi ili. Yankho la akatswiri ndi lotonthoza mtima. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization silinaike malire a kulimba kwa madzi kaamba ka matenda, cifukwa laimu wa mlingo wopezeka m'madzi akumwa saononga thupi. Kashiamu ndi yemweyo amene amamanga mafupa ndi mano, amene timamupezanso mu mkaka ndi m'kapenta. M'mimba mwa munthu muli madzi aukali osungunula cakudya, ndipo laimu sangaunjikanemo monga m'ketulo.

Anthu ena amati madzi olimba amabala miyala m'impso. Ofufuza sanapeze umboni wokwanira wa zimenezi. Cimene cimadziwika bwino ndi cakuti munthu womwa madzi ocepa, makamaka wogwira nchito padzuwa, ndiye ali pa ngozi ya miyalayo. Cotero munthu amene aleka kumwa madzi okwanira poopa laimu akudziitanira matenda omwe akuwathawa. Mano ofiira kapena amawangamawanga amene amaoneka mwa ana a m'madera ena sabwera ndi laimu. Amabwera ndi cinthu cina cochedwa fuloraidi cikaculuka m'madzi. Madzi ofiira otuluka pa mijigo ina, amene amadetsa zobvala ndi nsima, ndi a citsulo ca m'nthaka kapena dzimbiri la mapaipi, ndipo imeneyonso ndi nkhani ina.

NGOZI YOSAONEKA NDI MASO

Ngozi yeniyeni ya madzi a pa thanthweli ili kwina. M'dziko la dothi lakuya ndi mcenga, madzi oipa akalowa pansi amasefedwa pang'onopang'ono, ndipo tizilombo tambiri ta matenda timafa tisanafike kutali. Pa mwala wa laimu sefa ameneyu palibe. Dothi ndi locepa, malo ena mwala uli pamtunda penipeni, ndipo madzi amathamanga m'ming'alu monga m'paipi. Cimene calowa pansi pa khomo lina cingatulukire m'citsime ca khomo lakutali m'masiku owerengeka, cikali ndi mphamvu yake yonse.

Pa kalembera wa 2022 mzinda wa Lusaka unali ndi anthu oposa 2 miliyoni. Oposa theka la iwo amakhala m'makomboni, ndipo ambiri mwa amenewo amagwiritsa nchito zimbudzi zokumba. Ku Kanyama, kumadzulo kwa mzinda, mwala uli pafupi kwambiri kotero kuti dzenje la cimbudzi silingapite patali, ndipo m'dzinja madzi a pansi amakwera kufika pamtunda. Akulu a kumeneko amakumbukira cigumula ca 1978, pamene nyumba zambiri zinagwa. Madzi akakwera cotere, za m'cimbudzi ndi za m'citsime cosaya zimakhala pamodzi.

Zotsatira zake dziko lonse linaziona. Mu October 2017 kolera inabuka mu Lusaka, ndipo pofika pakati pa 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala m'dziko lino, oposa 100 atamwalira. Boma linakwirira zitsime zosaya m'makomboni, linaika matanki a madzi othira mankhwala, ndi kutumiza asilikali kukayeretsa misika. Mu October 2023 matendawa anabweranso ndi mphamvu yoposa. Odwala anapitirira 20,000, omwalira anapitirira 700, bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu January 2024 anadikira kufikira February. Pakati pa omwalirawo panali ana ndi adzukulu a m'midzi yathu.

Cimene tiyenera kugwiritsitsa ndi ici: madzi okhala ndi tizilombo ta kolera kapena ta taifodi angathe kukhala oyera mbee, ozizira ndi okoma. Laimu amadzionetsa yekha m'ketulo, ndipo sapha. Tizilombo sitioneka, ndipo timapha. Palinso cinthu cina cochedwa naitireti, cocokera m'zimbudzi ndi m'feteleza, cimene capezeka coculuka m'zitsime zina za m'makomboni a Lusaka. World Health Organization imati cisapitirire mamiligalamu 50 pa lita. Cimeneci cimaopsa makamaka makanda osakwana miyezi 6, cifukwa cimalepheretsa magazi kunyamula mpweya, ndipo kuwiritsa madzi sikucicotsa. Ici ndi cifukwa cinanso coyamwitsira mwana bere lokha pa miyezi 6 yoyamba.

Chilanga siinafike pa kuthithikana kwa Kanyama, koma njira yake ikulowera komweko. Pa puloti iliyonse yatsopano pali citsime ca makina ku ngodya ina ndi dzenje la madzi oipa a m'nyumba ku ngodya ina, ndipo kuseri kwa mpanda mnansi wacita cimodzimodzi. Mpanda wa njerwa umalekanitsa anthu pamtunda, koma pansi pa nthaka onse akutunga mu mtsuko umodzi.

KU KAFUE, KUMENE KUCOKERA MADZI ENA

Munthu wofuna kuona mbali yaciwiri ya nkhaniyi apitirire ndi mseu womwewo, adutse Shimabala, atsikire ku tauni ya Kafue, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kucokera ku Lusaka. Kumeneko, m'mphepete mwa mtsinje, kuli malo oyeretsera madzi a Iolanda, amene anayamba nchito mu 1970 ndipo anakonzedwa kuti azitulutsa malita 110 miliyoni pa tsiku. Madzi a mu mtsinje amafika ali ndi matope. Amathiridwa mankhwala ogwirizanitsa matopewo kuti akhale pansi, amadutsa m'masefa a mcenga, ndipo potsiriza amathiridwa klorini wakupha tizilombo.

Kucokera pamenepo madzi ayenera kukwera mtunda, pakuti Lusaka ali pamwamba kuposa mtsinje ndi mamita pafupifupi 300. Makina amphamvu amawakankha m'paipi yaikulu, ndipo pa Chilanga pali makina ena owaonjezera mphamvu kuti akafike m'matanki a mu mzinda. Pambuyo pake Boma linaonjezapo paipi yaciwiri yonyamula malita 50 miliyoni pa tsiku. Madzi a mu mtsinje ndi ofewapo kuposa a m'thanthwe. Madzi ena onse a mu mzinda amacokera m'zitsime za makina zoposa 100, zina za izo kufupi ndi Lilayi. Ndico cifukwa cake abale awiri okhala mu Lusaka yemweyo angatsutsane, wina nati madzi a pa pompi ali ndi laimu wambiri, wina nati ai. Onse akunena zoona, koma mapompi ao akumwa kosiyana.

Madzi a mu mtsinje nao ali ndi adani ao. Mu February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo makina opopa madzi sayenda popanda magetsi. Pompi ikauma anthu amabwerera ku zitsime zosaya. Paipi yopanda madzi nayonso ingayamwe madzi oipa a m'nthaka kudzera pamene yang'ambika. Mu February 2025 damu la zinyalala za mgodi linagumuka ku Chambishi, madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mapompi a ku Kitwe anatsekedwa kwa masiku. Mtsinje umenewo ndi womwewo umene umadzafika pa Iolanda. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo cotayidwa kumtunda cimadetsa nkhawa a kumunsi.

OYANG'ANIRA MADZI

Nchito yopereka madzi mu Lusaka inali m'manja mwa khonsolo ya mzinda kufikira pamene kampani ya Lusaka Water, yokhazikitsidwa mu 1988, inayamba nchito mu 1990. Kampaniyi imatumikiranso Chilanga, Kafue ndi Chongwe. Lamulo la 1997 linabala bungwe la NWASCO, limene limayang'anira makampani onse a madzi m'dziko lino, kuphatikizapo wa kwathu kum'mawa, ndi kuona ngati madzi ao ali oyenera. Lamulo la 2011 linabala bungwe la WARMA, losamala mitsinje ndi madzi a pansi pa nthaka. Kuyambira 2018 zitsime za makina ziyenera kulembetsedwa, ndipo okumba ayenera kukhala ndi cilolezo. Pakati pa 2013 ndi 2018 thandizo la boma la America lokwana madola 355 miliyoni linagwira nchito yokonza mapaipi, ngalande ndi njira za madzi oipa mu Lusaka.

Koma kampani imayankha za madzi a m'mapaipi ake okha. Citsime ca pa puloti ya munthu ndi udindo wa mwini wake. Wokumbitsa citsime atenge madzi m'botolo loyera napite nao kukapimitsa, osati kamodzi kokha koma caka ndi caka, makamaka m'dzinja. A zaumoyo a pa kiliniki kapena a ku khonsolo adzamuuza kopita. Safunsa anadya phula.

PHUNZIRO KWA IFE A KUMIDZI

Wina anganene kuti izi ndi za anthu a m'tauni. Koma Chipata, Katete, Sinda, Petauke ndi Lundazi akukula, ndipo m'misika ya m'mbali mwa mseu nyumba zikuyandikana, citsime apa, cimbudzi apo. Malangizo a akatswiri ndi akuti pakati pa citsime ndi cimbudzi pakhale mamita 30 kapena kuposa, ndipo cimbudzi cikhale kumunsi kwa citsime. Pamene pali mwala wa ming'alu, mtunda umenewo ungacepe. Citsime cikhale ndi cibvundikiro ndi simenti pozungulira, ndipo ziweto zimwere patali.

Wofuna kudziwa ngati madzi a kwao ali ndi laimu atenge mabotolo awiri, lina la madzi a mvula, lina la madzi a pa citsime. Aikemo sopo wamtanda wofanana, atseke, akhutchumule. Ngati la pa citsime licita thovu locepa ndi kuoneka ngati mkaka wosungunula, madziwo ndi olimba. Kuyesa kumeneku kumanena za laimu yekha. Za tizilombo sikunena kanthu.

Tsono inu amai ndi abambo amene mudzapita kukaceza ku Chilanga, ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Matero, funsani ana anu kumene amatunga madzi. Ngati ndi pa citsime cosaya kapena citsime ca makina cosapimidwa, madzi akumwa awiritsidwe kufikira atabwata kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena athiridwe klorini monga mwa malangizo a pa botolo ndi kudikira mphindi 30. Asungidwe m'cigubu ca kukamwa kwakung'ono cotseka, cosalowa kapu kapena dzanja. Mukaona tinthu toyera pansi pa madzi owiritsa musataye madziwo: ndi laimu cabe, tsanulani bwino ndi kumwa. Ndipo wina m'nyumba akayamba kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, sungunulani masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mcere m'lita imodzi ya madzi owiritsa, mumwetseni pang'onopang'ono, ndipo nyamukani naye kupita ku cipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti kuce.